Komiki yanu yakale musailowetse m'makina a lamineti

Sabata siitha popanda wina kunditumizira chithunzi pa WhatsApp: komiki ya Superman kapena ya X-Men itayalidwa pabedi, m'munsi mwake funso lomwe lija, "Achimwene, iyi yatha zaka 30, ingapite pa zingati?" Ntchito yanga ndi yowunika makomiki akale, ndipo funso ili landitopetsa. Zaka pazokha sizigulitsa komiki.

Chimasokoneza anthu ndi nkhani ya Action Comics nambala 1, momwe Superman anaonekera koyamba mu 1938. Inkagulidwa masenti 10, ndipo mu 2024 imodzi inapita pa madola 6 miliyoni. Koma dzifunseni chifukwa chake. Ana a ku America a nthawi imeneyo ankawerenga, kupinda, kubwereketsa, amayi awo n'kutaya. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mapepala akale ankasonkhanitsidwa kuti akapangidwenso, makomiki ambiri anathera komweko. Zotsala n'zochepa kwambiri, n'chifukwa chake anthu amalimbirana.

Yanuyo ndi ina. X-Men nambala 1 ya 1991 inagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni. Ya imfa ya Superman, yomwe inatuluka kumapeto kwa 1992 m'jumbo yakuda, anthu ankagula zisanuzisanu n'kusunga osatsegula, aliyense akulota kuti adzalipirira ana sukulu. Chinthu chikasungidwa ndi aliyense, adzagula ndani? Msika unagwa, masitolo ambiri anatsekedwa, Marvel yeniyeniyo, kampani yosindikiza X-Men, inakalengeza kukhoti mu 1996 kuti yalephera kubweza ngongole. Zambiri za nyengo imeneyo lero mtengo wake ndi wa mbale ya tchipisi. Werengani, musangalale nazo, basi.

Koma chimene chimandipweteka si chimenecho. Bambo wina anabwera ndi katoni imene anasiya malemu mkulu wake. Zambiri zinali zachabechabe, koma pansi penipeni panali The Incredible Hulk nambala 181 ya 1974, momwe Wolverine, mmodzi wa ngwazi za X-Men, anaonekera mokwanira koyamba. Komiki imeneyi osonkhanitsa amaifuna usiku ndi usana. Nthawi zambiri imabwera itadulidwa kasitampa kamene Marvel inkasindikiza m'kati kuti ana azidula n'kusonkhanitsa, ndipo kakasowa mtengo umatsika kwambiri. Iyi kasitampa kanalipo. Mitundu ya pachikuto inali yowala bwino. Koma bambo uja, pofuna kuiteteza, anaitengera ku shopu ya fotokope, anachotsa masitepulo, tsamba lililonse analilowetsa m'makina a lamineti ngati satifiketi ya MSCE, kenako n'kuimanganso ndi mawaya. Anandipatsa akumwetulira, akuti, "Onani mmene ndaisamalira." Ndinakhala chete kanthawi. Pulasitiki ya lamineti imamatirira ndi guluu wotentha amene amalowa m'pepala; mukafuna kuimatula, inki imapita nayo limodzi. Palibe katswiri angabweze zimenezo. Anabwerera nayo m'chikwama, ndipo mpaka lero ndikaona makina a lamineti ndimakumbukira nkhope yake.

Selotepi ndi chimodzimodzi, amangochedwerapo. Pakapita zaka amasiya banga lachikasu lolowerera mbali zonse ziwiri. Kudzaza ndi cholembera pamene mtundu wasuluka, kudula m'mphepete ndi lezala kuti muwongoke, kusita ndi ayironi, zonsezi timaziona, ndipo kampani ngati CGC, imene imapereka magiredi osonyeza mmene komiki yasungikira kuyambira 0.5 mpaka 10, imalemba poyera pa chizindikiro chake ikapeza kuti komiki inadzazidwa mtundu kapena kudulidwa m'mphepete. Komiki yong'ambika pang'ono koma yosakhudzidwa imaposa "yokonzedwa" ndi manja osadziwa.

Chenjeraninso ndi akatswiri a pa Facebook amene amakuuzani giredi pongoona chithunzi chimodzi cha chikuto. Munthu sangaunike komiki osawerenga masamba, osaona masitepulo ngati achita dzimbiri, osainunkhiza. Ena amakuuzani kuti ndi yachabe kuti aigule motchipa, ena amaikweza kuti muwalipire ya "kuunika". Aliponso ogulitsa zosindikizidwanso ngati zenizeni. Mu 1974 DC, kampani yosindikiza Superman, inasindikizanso Action Comics nambala 1 pa mapepala aakulu, ndipo anthu akhala akuchotsa chikuto chakunja n'kupusitsa nayo osadziwa. Kukula kwake kokha kumaulula, ngati muli ndi rula.

Ndipo musamati ndidzaona chaka chamawa. Makomiki akale anasindikizidwa pa pepala la nyuzipepala, lotchipa, lokhala ndi asidi amene amalidya lokha pang'onopang'ono: limayamba loyera, kenako lachikasu, kenako lofiirira, mapeto ake limafumbutuka ngati tsamba louma la fodya. Kutentha ndi chinyezi zimafulumiza zimenezi. Katoni yokhala pansi pa malata kapena yotsamira khoma nyengo ya mvula ikuphikidwa tsiku ndi tsiku, chuku chikangogwira chimodzi chimayambukira zonse, ndipo chiswe sichifunsa kuti iyi ndi ya 1974. Itsitseni lero. Iliyonse ilowe m'kathumba kake kosamata, ndi katoni kopanda asidi kumbuyo, muziimike chilili m'bokosi, kutali ndi dzuwa, pamwamba osati pa simenti. Yomwe yanunkha kale chuku muipatule payokha musanagone.