Mzinga nambala 233 ndi chipilala cha asilikali a mizinga ya pa akavalo ku Gettysburg

Kumadzulo kwa tawuni ya Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, msewu wopita ku Chambersburg umakwera kamtunda kotchedwa McPherson Ridge. M'mphepete mwa msewuwo mwaima chiboliboli cha Jenerale John Buford, mtsogoleri wa asilikali a pa akavalo, chomwe anachiika mu 1895, ndipo patsinde pake pali mizinga inayi yopanda mawilo. Umodzi uli ndi nambala 233 pakamwa pake. Umenewu ndiwo unayamba kulira kumbali ya asilikali a Union, a boma la America, m'mawa wa pa 1 Julayi 1863, tsiku loyamba mwa masiku atatu omwe anthu anaphana pamalopa, pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Eni mizingayi anali gulu la mizinga lotchedwa Horse Battery A, 2nd U.S. Artillery, ndipo chipilala chawo chili chapafupi pomwepo.

Liwu loti "Horse" (kavalo) pa dzinali limasokoneza alendo ambiri, poti mizinga yonse yoyenda nayo kunkhondo masiku amenewo inkakokedwa ndi akavalo. Kusiyana kunali pa anthu. M'magulu wamba, oombera mzinga ankayenda wapansi pambali pake, mwina kukhala pa bokosi la zipolopolo pakafunika changu. M'gulu ngati ili aliyense anali ndi kavalo wake, kuti mizinga isatsalire asilikali a pa akavalo akamathamanga. Mzinga umodzi unkakokedwa ndi akavalo 6, awiriawiri, woyendetsa atakwera wakumanzere pa awiri alionse. Pakati pa akavalo ndi mzinga pankakhala kangolo ka mawilo awiri konyamula bokosi la zipolopolo 50, ndipo m'mbuyo munkabwera ngolo ina ya zipolopolo, nayonso ndi akavalo ake 6. Muwerengere mizinga 6 ndi akavalo a anthu okwera, mupeza kuti akavalo ankapitirira 100. Mdani wochenjera ankayamba waombera akavalowo, chifukwa akagwa, mzinga wakhala pomwepo.

Mzinga wawo unali wa 3-inch Ordnance, wa chitsulo chosula, wopangidwa ndi Phoenix Iron Company ku Phoenixville. Kamwa lake ndi masentimita 7.6, ndipo chitsulo chokhacho chimalemera pafupifupi makilogalamu 370. Kupepukako ndiko ankaukondera. Ndi onga wa magalamu 450 unkaponya chipolopolo cha makilogalamu oposa 4 mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka. Poombera, mmodzi ankapukuta m'kati ndi chopukutira chonyowa pomwe wina watseka ndi chala chachikulu kabowo kakumbuyo koyatsira. Chalacho chikasuntha, mpweya unkakoleza kamoto kotsalira, onga watsopano n'kuphulika munthu ali m'kati mosunjira. Manja ambiri anaduka motero.

Chipilala cha gululi ndi cha mtundu womwe boma linaikira magulu a asilikali ake okhazikika: mwala wofiirira wa granite, wotalika pafupifupi mamita awiri, wokhala ndi chikwangwani cha mkuwa. Chikwangwanicho chimawerengedwa kuchokera pamwamba: gulu lalikulu la nkhondo, gulu la Battery, chiwerengero ndi mtundu wa mizinga, wolamulira, zomwe anachita tsiku ndi tsiku, kenako ovulala. Wolamulira wolembedwapo ndi Lefutenanti John H. Calef, ngakhale mabuku ambiri amalitcha gulu la Tidball. Palibe cholakwika apa. Kaputeni John C. Tidball, mwini gululo, anali atakwezedwa kuyang'anira magulu angapo a mizinga ya pa akavalo, Calef n'kugwirizira.

Cholakwika chenicheni chomwe owerenga amachita n'choganiza kuti mizinga yonse 6 inandanda pomwe pali mwalapo. Buford anali ndi anthu ochepa poyerekeza ndi asilikali oyenda pansi a Jenerale Henry Heth wa mbali ya Confederate, zigawo za kum'mwera zomwe zinaukira boma, omwe ankabwera mumsewuwo, choncho analamula Calef kuti amwaze mizinga iwiriiwiri kutalikirana, adani aziona ngati ilipo yambiri. Ina inali m'mbali mwa msewu, iwiri kum'mwera ndithu. Ntchito ya gulu lotere inali kuombera, kumangirira mizinga ku akavalo, n'kusamuka. Mwala umangoloza malo amodzi mwa angapo. Imani pamenepo muyang'ane kumadzulo, ku Herr Ridge komwe kunali mizinga ya Confederate, ndiye mawu a pa mkuwawo amveka.

Mizinga yoima pambali pa zipilala nayonso isamakhulupiriridwe msanga. Malowa atakhala paki ya boma mu 1895, oyang'anira ankaika mzinga wa mtundu woyenera, osati weniweniwo womwe unaombera pamalopo, ndipo ina ndi yongofanizira, yopangidwa nkhondo itatha kalekale. Njira yodziwira ndi kuwerama pakamwa. Weniweni amaudinda mozungulira nambala yake, zilembo zoyamba za dzina la woyendera, chaka, ndi kulemera kwake m'mapaundi. N'chifukwa chake 233 ndi wamtengo wapatali: nambalayo ndiyo inathandiza kuupeza patapita zaka zambiri.

Mawilo ndi thupi lomwe mizinga ya m'pakiyi yakhalapo zimaoneka ngati matabwa opentedwa, koma ndi chitsulo chosungunula. Matabwa akanaola zaka zochepa ali pamtetete. Chitsulocho chili ndi matenda ake: madzi amalowa m'malumikizo, dzimbiri limadya m'kati, ndipo nyengo yozizira madziwo akaundana amang'amba chitsulo. Chitsulo chosungunula sichipindika, chimangothyoka, ndiye mlendo wokwera pa wilo kuti ajambulitse chithunzi amatha kulithyola. Okonza amaphwasula chonse, kuchotsa penti yakale, kuwotcherera ming'alu, n'kupentanso.

Mkuwa umafuna zina. Ukasiyidwa umabiriwira, ndipo mvula imatsitsa mizere yobiriwira pamwala. National Park Service, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki, yomwe yasamala malowa kuyambira 1933, imautsuka ndi madzi ndi sopo wosalimba, kuufunditsa ndi moto wa gasi, kupaka phula lilowe m'timabowo, n'kupukuta likazizira. Bulashi ya waya kapena asidi zimaoneka ngati zachangu, koma zimapala khungu loteteza mkuwa, ndipo zilembo zing'onozing'ono za mayina ndi masiku ndizo zimayamba kufufutika.