Chotupa pa impso chapezeka pokuyezani? Musadikire ululu

Munthu akadzipereka kuti apatse impso imodzi m'bale wake amene ali pa makina osefa magazi, madokotala sathamangira opaleshoni. Amayamba amuyeza magazi, mkodzo, shuga ndi BP, kenako amamujambula ndi sikani ya CT kuti aone bwino impso zonse ziwiri ndi mitsempha yake. Mwa apo ndi apo, chithunzicho chimaonetsa kachotupa pa impso ya munthu amene wabwera ali wamphamvu, wosadandaula kalikonse. Zina mwa zotupazi zimakhala timatumba ta madzi tosaopsa. Zina ndi khansa.

Apa mpomwe tikupempha kuti mumvetsetse. Ena akauzidwa amangoti, "Ine sindikumva kupweteka paliponse," n'kubwerera kumudzi osapitanso kuchipatala. Chonde, khansa ya impso ikamayamba nthawi zambiri siipweteka. Magazi mu mkodzo, ululu wa m'mbali mmunsi mwa nthiti, chotupa chogwirika ndi dzanja, kuonda: izi nthawi zambiri zimabwera matenda atakula kale. Ndipo kwathu kuno munthu akaona magazi mu mkodzo amafulumira kunena kuti ndi likodzo, miyezi n'kumatha.

Chimene chimawonjezera chiopsezo ndi kusuta fodya, kunenepa kwambiri, BP yokwera, ndiponso ngati pabanja wina anadwalapo. Koma ngakhale wosasuta atha kupezeka nayo. Sikani ija sinakuikeni chotupa, yangoulula chimene chinalipo kale.

Chotupa chosapitirira masentimita 4 chimene sichinafalikire, madokotala nthawi zambiri amadula mbali yokhayo n'kusiya impso yotsalayo ikugwirabe ntchito, ndipo ambiri amachira. Chikafika ku mapapo kapena ku mafupa, nkhani imavuta kwambiri. Ndiye kuchedwa chifukwa choti simukumva ululu n'kutaya nthawi imene mankhwala ndi opaleshoni zikanakuthandizani.

Inu achibale, musamunene wofuna kupereka impso uja kuti wachita mantha kapena wapeka chodzikhululukira. Nayenso tsopano ndi wodwala, muperekezeni. Za wodikira impso uja madokotala akambirana nanu, ndipo wina pabanja atha kuyezedwa.

Inu amene mwapezeka ndi chotupa, sungani zithunzi ndi mapepala onse a zotsatira, ngakhale munayezedwera kunja monga ku India. Pitani nazo kuchipatala chachikulu sabata yomweyi, ndipo musachoke osauzidwa tsiku lokaonana ndi dokotala wa impso ndi chikhodzodzo.