Magetsi ndi mafuta amathera pomwe pali kutentha

Anthu ambiri akafuna kuti mayunitsi akhalitse amayamba ndi kukalipira ana kuti azule chaja ya foni pakhoma. Sikulakwa, koma phindu lake ndi lochepa zedi. Ife a zamagetsi tikalowa m'nyumba funso lathu loyamba limakhala lakuti: muno mumatenthetsa chiyani? Chipangizo chimene ntchito yake ndi kutenthetsa ndicho chimadya magetsi ambiri.

Tembenuzani ketulo yanu muwerenge zolembedwa kunsi kwake. Nthawi zambiri mupeza 2000 W, kutanthauza mawati 2000, kapena kuposerapo. Yuniti imodzi ndi mawati 1000 kwa ola lathunthu, choncho ketulo yotere imamaliza yuniti m'theka la ola, pomwe babu la LED la 9 W lingayake maola oposa 100 pa yuniti yomweyo. Mukadzaza ketulo pofuna kapu imodzi yokha, madzi otsalawo mwawalipirira kuti angozizira. Simbi nayo ili m'gulu lomweli. Sonkhanitsani zovala musite kamodzi, osati kuiyatsa m'mawa uliwonse chifukwa cha malaya amodzi.

Mkulu wa zonse ndi giza, thanki yotenthetsa madzi osamba. Ya malita 150 kawirikawiri imakhala ndi elementi ya 3000 W, ndipo imadziyatsa yokha madzi akayamba kuzizira, ngakhale pakati pausiku nonse muli m'tulo. Itanani wodziwa ntchito aitchere pa madigiri 60. Kukweza kuposa apo ndi kutaya magetsi, koma kutsitsa kwambiri nakonso n'koopsa, chifukwa m'madzi ofunda mumaswana tizilombo totchedwa Legionella toyambitsa chibayo. Kukuta giza ndi mapaipi ake ndi zotchinga kutentha kumathandiza, ndipo mpopi wa madzi otentha ukamadontha konzani msanga.

Firiji ili ndi mawati ochepa, kungoti sipuma. Tsekerani pepala pachitseko chake kenaka mulikoke. Likatuluka mosavuta, labala ya pachitsekoyo yatha ndipo mpweya wozizira ukuthawa. Musaigundike kukhoma, kumbuyoko ndi komwe imatayira kutentha.

Pagalimoto lamulo ndi lomweli. Mukaponda mabuleki, liwiro limene mwaligula ndi petulo limasanduka kutentha m'mawilo, basi latha. N'chifukwa chake dalaivala wothamangira maloboti ofiira n'kukaima mwadzidzidzi amawononga mafuta kuposa mnzake amene waona patali, wachotsa phazi pamoto, galimoto n'kumayenda yokha. Onse awiri amafika nthawi imodzi, ndipo ndimadabwa kuti woyambayo ndiye amadzitama kuti ndi katswiri.

Pamsewu wautali mdani ndi mphepo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo yokankha galimoto imawirikiza kanayi. Kungochoka pa makilomita 100 pa ola kufika pa 120, mphepoyo imalimba ndi 44 peresenti, pomwe paulendo wa makilomita 100 mwapindula mphindi 10 zokha. Kaliyala ya padenga yopanda katundu imawonjezera vutoli, ichotseni.

Matayala opanda mpweya wokwanira amaphwanyika pamsewu, amatentha, injini n'kumavutika. Muyeso woyenera umalembedwa pafelemu la chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, osati nambala ya patayala, imene ndi malire chabe. Yezani kamodzi pamwezi matayala asanatenthe.

Chizolowezi chosiya injini ikulira m'mawa kuti itenthe chinachokera ku galimoto zakale za kabuleta. Zamasiku ano zimangofuna masekondi ochepa, kenaka nyamukani pang'onopang'ono, injini imatentha msanga ikamayenda. Imamwa kwambiri ikadali yozizira, choncho maulendo afupiafupi aphatikizeni akhale ulendo umodzi, ndipo mukamadikira munthu kupitirira mphindi imodzi zimitsani.