Chiwerengero cha ana a sukulu chisanasanduke mfundo ya boma

Nduna ikaimirira m'nyumba ya malamulo n'kunena kuti dziko likusowa aphunzitsi ochuluka chonchi, kapena wochita kafukufuku akalemba kuti atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira akafika kalasi yakutiyakuti, onse awiri nthawi zambiri amakhala atatunga pa chitsime chimodzi. Chitsimecho ndi nkhokwe ya ziwerengero za masukulu imene unduna wa zamaphunziro umasunga pa makompyuta, yomwe m'mayiko ambiri imadziwika ndi dzina lachidule lakuti EMIS. Anthu ambiri sanaionepo nkhokwe imeneyi, koma zimene zili m'menemo n'zimene zimaunikira kumene atumize mphunzitsi watsopano, kumene amange chipinda chophunziriramo ndiponso mabuku angati amene agulidwe chaka chamawa.

Ziwerengero zonsezi zimayambira pa tebulo la mphunzitsi wamkulu. Kamodzi pachaka unduna umachititsa kalembera wa masukulu, ndipo fomu, kaya yapepala kaya ya pa intaneti, imafika pa sukulu iliyonse. Mphunzitsi wamkulu amasonkhanitsa makaundula a makalasi onse n'kuyamba kudzaza: anyamata angati ndi atsikana angati m'kalasi iliyonse, zaka zawo, amene akubwereza, amene anasiya, amene ali ndi ulumali, aphunzitsi amene alipo ndi maphunziro awo, zipinda, madesiki, mabuku, zimbudzi, ndiponso ngati pasukulupo pali madzi ndi magetsi. Fomuyo imadutsa ku ofesi ya maphunziro ya m'deralo, kenako ku likulu, kumene amaphatikiza zonse. Mbali ina ya ziwerengerozi imatumizidwa ku UNESCO Institute for Statistics, nthambi ya UNESCO yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo ili ku Montreal, kuti mayiko athe kuyerekezedwa. Popeza sukulu ya pulayimale ndi ya zaka 6 m'dziko lina pamene m'dziko lina ndi ya zaka 8, nthambiyi imayamba yasanja makalasiwo motsatira muyezo umodzi wotchedwa ISCED, umene unakonzedwanso mu 2011.

Mayiko sali pamlingo umodzi pa ntchito imeneyi. Ku India, nkhokwe ya UDISE+ ili ndi masukulu pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo sukulu iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 11. Ku United States, bungwe la National Center for Education Statistics limasunga Common Core of Data, mndandanda wa masukulu onse a boma. Ku Brazil, bungwe la INEP limachititsa Censo Escolar, ndipo kuyambira mu 2007 kalemberayu amalemba mwana aliyense payekha, osati chiwerengero chabe cha kalasi. Ku England nako kuli National Pupil Database, nkhokwe imene imalembanso mwana aliyense payekha. Kusiyana kwa kulemba mwana payekha ndi kulemba chiwerengero cha kalasi n'kwakukulu ndithu, chifukwa mwana akasamuka sukulu ina n'kupita ina, nkhokwe yongosunga ziwerengero imatha kumuona ngati wasiya sukulu kumene wachokako, pamene nkhokwe yodziwa mwana aliyense imaona kuti wangosintha malo.

Ubwino wa nkhokwe zimenezi sufuna kufotokoza kwambiri. Palibe kafukufuku wina amene amafika pa sukulu iliyonse chaka ndi chaka, ndipo wochita kafukufuku amene akufuna kusankha masukulu 200 oti akawayendere amayambira pa mndandanda womwewu. Pamene dziko la Malawi linachotsa fizi m'masukulu a pulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kukula kwa vuto la aphunzitsi ndi zipinda limene linatsatirapo kunadziwika chifukwa chakuti panali anthu owerengera. Vuto lagona pa katanthauziridwe ka ziwerengerozo, ndipo apa m'pamene ndikufuna kukhalitsapo.

Chinthu choyamba chimene chimasokoneza ngakhale anthu ophunzira bwino ndi chiwerengero cha ana olembetsa choposa 100 peresenti. Tiyerekeze kuti m'dera lina muli ana 1,000 a msinkhu wa pulayimale, koma m'makaundula muli mayina 1,200. Tikagawa 1,200 ndi 1,000 tipeza 120 peresenti, ndipo wina angaombe m'manja kuti ana onse ali pasukulu. Koma mwa ana 1,200 aja, mwina 850 okha ndiwo a msinkhu woyenera, ndipo otsalawo ndi amene anayamba mochedwa kapena akhala akubwereza. Ndiye kuti ana 150 a msinkhu wa sukulu akungokhala kunyumba, pamene makalasi adzaza ndi ana opitirira msinkhu. Akatswiri amatcha chiwerengero choyamba chija cha 120 peresenti GER, ndipo chachiwiri, chowerengera ana a msinkhu woyenera okha (85 peresenti), amachitcha NER, ndipo boma limene likuyang'ana choyambacho chokha lingaganize kuti ntchito yatha pamene ili pakati. Onjezanipo kuti nambala ya 1,000 ija sichokera ku masukulu, koma ku kalembera wa anthu onse, amene mayiko ambiri amachita pakapita zaka 10. M'zaka zapakatizo amangoyerekeza mmene anthu akuchulukira, ndipo kuyerekezako kukaphonya, ziwerengero zonse zimene zatsamira pamenepo zimaphonyanso. Kumene ana ambiri alibe zikalata zakubadwa, ngakhale zaka zimene zalembedwa m'kaundula zimakhala zongoganizira.

Chachiwiri ndi chizolowezi chophatikiza masukulu onse n'kutulutsa nambala imodzi. Sukulu ina ili ndi ana 600 ndi aphunzitsi 20, kutanthauza ana 30 pa mphunzitsi mmodzi. Ina ilinso ndi ana 600 koma aphunzitsi 5, kutanthauza ana 120 pa mphunzitsi mmodzi. Zikaphatikizidwa, lipoti lidzanena kuti m'deralo mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 48, nambala yooneka yabwinobwino imene palibe mwana ngakhale mmodzi wa masukulu awiriwo amene akuidziwa. Woona nambala ya 48 anganene kuti palibe chodetsa nkhawa, pamene woona masukulu awiriwo payekhapayekha angazindikire kuti chofunika msanga ndi kugawa bwino aphunzitsi amene alipo kale. M'kati mwa sukulu imodzinso zimachitika zomwezo, chifukwa makalasi oyambirira nthawi zambiri ndiwo amadzaza kwambiri. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la nkhokwezi lili m'mizere ya ziwerengero za sukulu imodziimodzi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mizere imeneyi ndi imene imawerengedwa kamodzikamodzi.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chimene chimachitika ndalama zikamangiriridwa ku chiwerengero. Mayiko ambiri amapereka ndalama zoyendetsera sukulu molingana ndi kuchuluka kwa ana olembetsa, ndipo njira imeneyi ndi yachilungamo poiyerekeza ndi kugawa mokondera. Ku Brazil, thumba la Fundeb limagawa ndalama potsata ziwerengero za Censo Escolar. Komabe munthu amene akudzaza fomu akadziwa kuti dzina lililonse m'kaundula limabweretsa ndalama kapena mphunzitsi wowonjezera, sakhala wofulumira kufufuta dzina la mwana amene anasiya kubwera miyezi itatu yapitayo. Sikuti nthawi zonse kumakhala kuba; kawirikawiri amakhala mphunzitsi wamkulu amene akuyembekezera kuti mwanayo abweranso, pomwe sukulu yake ikusowa choko. Justin Sandefur ndi Amanda Glassman, pa kafukufuku amene anafalitsa mu 2015, anayerekeza ziwerengero za maunduna ndi za kafukufuku wa m'makomo m'mayiko angapo a mu Africa, ndipo anapeza kuti m'mayiko monga Kenya ndi Rwanda, fizi itachotsedwa n'kuyamba kupereka ndalama potengera ana olembetsa, ziwerengero za boma zinkakwera mofulumira kuposa zimene mabanja ankanena. N'chifukwa chake wochita kafukufuku wosamala sakhutira ndi gwero limodzi. Amatenga za unduna n'kuziika pambali pa za kafukufuku wa m'makomo monga DHS kapena MICS wa UNICEF, amene amafunsa kholo ngati mwana anapitako kusukulu chaka chimenecho. Ziwirizi sizingafanane ndendende, popeza china chimawerengera olembetsa ndipo china opita, koma zikatalikirana kwambiri ndiye kuti pali chofunika kufufuza.

Ngakhale ziwerengero zitakhala zolondola, zimanena za zinthu zimene n'zosavuta kuziwerenga. Desiki imawerengeka, koma zoti mwana wokhala pa desikipo amatha kuwerenga siziwoneka pa fomu ya kalembera. Mu 2019 World Bank inalengeza kuti ana 53 mwa 100 alionse a m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati sankatha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta pofika zaka 10, ndipo ambiri mwa ana amenewa anali pasukulu. Kuti zimenezi zidziwike panafunika mayeso oyeza zimene ana aphunzira, monga a SACMEQ kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa ndi a PASEC m'mayiko olankhula Chifalansa. Cholinga chachinayi mwa zolinga za chitukuko zimene mayiko anagwirizana ku United Nations mu 2015 chimanena za kuphunzira kwenikweni, osati kulembetsa kokha, choncho unduna umene ungathe kulumikiza zotsatira za mayeso ndi nkhokwe ya masukulu, pogwiritsa ntchito nambala imodzi ya sukulu imene sisinthasintha, umakhala ndi chida champhamvu kwambiri. Ngakhale pamenepo pafunika kudziletsa. Kupeza kuti masukulu okhala ndi magetsi amakhozetsa bwino sikutsimikiza kuti magetsiwo ndiwo akukhozetsa, chifukwa masukulu oterowo nthawi zambiri amakhala kumene kuli misewu, aphunzitsi okwanira ndi makolo opezako bwino.

Amene akuyerekeza zaka zosiyanasiyana ayambe wafunsa ngati funso la pa fomu silinasinthe, ngati kalembera anachitika mwezi womwewo, ndiponso ngati masukulu omwe si a boma anawerengedwa m'zaka zonsezo. Kukwera kwadzidzidzi kwa chiwerengero nthawi zina kumangotanthauza kuti masukulu ambiri anabweza mafomu chaka chimenecho.

Nkhokwe zolemba mwana payekha zili ndi mtolo wake. M'menemo muli dzina, tsiku lobadwa, ulumali, ndipo mwina ngakhale zoti mwanayo ndi wamasiye. Kuchotsa mayina musanapereke kwa ochita kafukufuku sikokwanira, chifukwa pa sukulu yaing'ono pamene mtsikana waulumali m'kalasi inayake ndi mmodzi yekha, aliyense wa m'deralo angamuzindikire. Mabungwe osamala amabisa manambala ang'onoang'ono oterowo ndipo amafuna pangano lolembedwa asanalole munthu kuona tsatanetsatane. Ana sanasankhe kulembedwa m'nkhokwe zimenezi, ndiye udindo wowateteza uli pa akuluakulu amene akuzigwiritsa ntchito.

Chodandaulitsa china n'chakuti ziwerengero zimakwera kupita ku likulu koma sizibwerera kumene zinachokera. Mphunzitsi wamkulu amene amadzaza fomu chaka ndi chaka osaona chotsatira chilichonse amayamba kuitenga ngati mwambo chabe, ndipo amadzaza mothamanga. Zimene zinachitika ku Uganda zikusonyeza mphamvu ya kubweza uthenga kwa eni ake. Kafukufuku wotsatira kayendedwe ka ndalama, amene Ritva Reinikka ndi Jakob Svensson anaunika, anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995 masukulu a pulayimale ankalandira pafupifupi 13 peresenti yokha ya ndalama zoyendetsera sukulu zimene boma linkatumiza, ndipo ambiri sankalandira kalikonse. Boma litayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza kudera lililonse, aphunzitsi akuluakulu ndi makolo anadziwa zimene ankayenera kulandira, ndipo pofika mu 2001 ndalama zofika kumasukulu zinapitirira 80 peresenti. Nkhokwe ya masukulu ingachitenso chimodzimodzi popanda kuwononga ndalama zambiri: tsamba limodzi lopita ku sukulu iliyonse, losonyeza ana, aphunzitsi, mabuku ndi ndalama zimene unduna walemba pa dzina la sukuluyo, pambali pa za masukulu oyandikana nayo. Tsambalo likakhomedwa pamene makolo ndi komiti ya sukulu angalione, cholakwika cha m'nkhokwe chimagwidwa ndi anthu amene amawadziwa anawo maina, ndipo sukulu imene yatsalira pa kagawidwe ka aphunzitsi imakhala ndi umboni wopita nawo ku ofesi ya maphunziro.