Belo siifufuta mlandu wa katangale

Ndatopa nawo mawu akuti "tachita apilo, ndiye mlandu waima." Sunaime ayi. Munthu akagwa nawo mlandu wa katangale, khoti limapereka zinthu ziwiri: chigamulo choti ndi wolakwa, ndi chilango chake, monga zaka za kundende. Belo yodikirira apilo imaimitsa chilango chokha. Munthuyo azigona kwawo, inde, koma pamaso pa lamulo akadali wolakwa, ndipo ntchito ya m'boma kapena mpando wa uphungu ukhoza kumuchokera.

Kuimitsa chigamulo chenichenicho ndi pempho lapadera, ndipo oweruza salola wamba. Ku India, mu 2001, khoti lalikulu kwambiri pa mlandu wa K.C. Sareen linakana kuti wogwira ntchito m'boma amene wapezeka wolakwa pa ziphuphu aimitsiridwe chigamulo pongoti apilo yake ikudikira. Ine ndimagwirizana nazo. Fisi simungamubwezere m'khola la mbuzi poti akudandaula. Mu 2013, wandale wina wa ku India komweko, Lalu Prasad Yadav, anataya uphungu atapezeka wolakwa. Belo anaipeza chaka chomwecho, koma mpando sunabwerere.

Sindikukana kuti makhoti amalakwitsa. Lula, amene anakhalapo mtsogoleri wa dziko la Brazil, analetsedwa kupikisana nawo pachisankho cha 2018, zigamulo zake n'kudzathetsedwa mu 2021, chisankho chitapita kale. N'chifukwa chake wopempha ayenera kuonetsa khoti chimene chidzawonongeke osabwezedwanso, osati kungoti "ndine wosalakwa."

Umene umandipwetekabe mtima ndi mlandu wa bambo wina wosunga ndalama mu ofesi. Apilo yake ikanakhala ndi mfundo zolimba ndithu. Koma abale ake anathamangira kwa dobadoba wina wodzitama kuti amadziwana ndi ajaji, namupatsa ndalama kuti "aimitse chigamulo." Mayi akunyumba kwake anafika kwa ine monga loya patapita miyezi, atanyamula pepala lopindapinda m'kachikwama, lopanda chidindo cha khoti ngakhale nambala ya mlandu. Chidziwitso cha apilo sichinalembedwe n'komwe, ndipo masiku ake anali atadutsa. Tinayamba ndi kupempha khoti kuti litilole kuchita apilo mochedwa, bamboyo ali m'ndende.

Chonde, tsiku lachigamulo lomwelo funsani loya wanu kuti masiku a apilo ndi angati, ndipo akuonetseni pepala lodindidwa ndi khoti. Wina akakuuzani kuti apatse kenakake woweruza, dziwani kuti akukulowetsani mu mlandu wina wa ziphuphu, pamwamba pa umene mukulira nawowo.