Masheya akagwa ku America, ndalama za pafoni sizisowa

Mphekesera iyi imabwerabwera pa WhatsApp: akuti masheya (magawo a umwini wa kampani omwe anthu amagula ndi kugulitsa) a makampani a zamakompyuta atsala pang'ono kugwa ku America, ndiye thamangani mukatape zonse za ku Airtel Money ndi Mpamba. Ikafika ku Nchalo kapena ku Ngabu, mumangoona mzere pa kabenchi ka ejenti, dzuwa likuswa mtengo, mpaka mwini wake kunena kuti kashi yatha.

Masheya amagwadi. Pa 27 Januwale 2025 sheya ya Nvidia, kampani ya ku America yopanga zipangizo za makompyuta, inatsika ndi pafupifupi 17 peresenti tsiku limodzi, ndipo ogula masheya akukanganabe ngati mitengo ya makampani a AI (luso lopangitsa makompyuta kuchita zinthu ngati oganiza) yakwera mopyola muyeso. Koma woluza ndi mwini sheya, poti mtengo womwe akanagulitsira watsika.

Ndalama ya pafoni si sheya ayi. Malamulo a Reserve Bank of Malawi amafuna kuti ndalama za makasitomala zisungidwe kubanki mu akaunti yapadera, osazisakaniza ndi za kampani. Ngakhale masheya a Airtel Malawi kapena TNM atatsika pamsika wa masheya ku Blantyre, ndalama munagulitsa thonje ija ikhala momwemo. Kutapa mwaphuma kumangokudyerani yotapira, kenaka muziyenda ndi mpukutu m'thumba tsiku la msika.