Kuchokera ku Joni kupita kunyanja ya mchere: mafunso ndi mayankho pa malipiro ndi malamulo a m'mapaki

Mwezi wa Disembala ukafika, mafakitale ndi makampani a zomangamanga akatseka, Amalawi ambiri a mu Johannesburg amakwera mabasi a kumudzi, koma alipo ena amene amatsikira kumwera kukaona nyanja ya mchere ku Cape Town kapena ku Garden Route. Malo ambiri okongola a m'mbali mwa nyanjayi ali m'manja mwa bungwe la boma loyang'anira mapaki la SANParks, ndipo malamulo ake ambirife timawadziwira pachipata pomwepo, magalimoto atandandalika kumbuyo kwathu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri tikamakonza maulendo otere kutchalitchi kapena m'magulu osonkherana ndalama.

Kodi n'chifukwa chiyani anthu salipira mofanana pachipata?

Ndalama imene munthu amapereka polowa m'paki ndi yothandiza kusamalira chilengedwe, ndipo imawerengedwa pamutu pa munthu aliyense patsiku lililonse. SANParks inagawa alendo m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la nzika za South Africa pamodzi ndi anthu okhazikika m'dzikoli amene ali ndi chitupa chake, lachiwiri ndi la nzika za mayiko a SADC, ndipo lachitatu ndi la alendo ena onse. Dziko la Malawi lili mu SADC kuyambira pachiyambi penipeni, pamene bungweli linakhazikitsidwa ku Lusaka mu 1980 ndi dzina la SADCC, choncho Mmalawi ali m'gulu lachiwiri. Kumalo otchuka monga Cape Point ndi Boulders, mtengo wa SADC umakhala pafupifupi kawiri mtengo wa eni dziko, koma mtengo wa alendo akutali umapitirira wa SADC kawiri kapena kuposerapo. Mitengo imasintha pa 1 Novembala chaka chilichonse, motero zimene mnzanu analipira pa Isitala sizingakhale zimene inu mudzalipire pa Khirisimasi.

Ndionetse chiyani kuti ndilipire mtengo wa SADC?

Muyenera kuonetsa pasipoti yanu, ndipo ikhale yosatha nthawi. Wogwira ntchito pachipata sayang'ana nkhope kapena kumvetsera kalankhulidwe, amayang'ana chikalata, ndipo amene alibe umboni amalembedwa m'gulu la alendo akutali ngakhale atalankhula Chichewa chomveka bwino chotani. Munthu aliyense m'galimoto amafunika chikalata chakechake, kotero pasipoti ya dalaivala siimira anthu onse.

Ndikudziwa chifukwa chimene ambiri amasiyira pasipoti kunyumba: amaopa kuti ingasowe kapena kunyowa, ndipo kupeza ina uli kunja kuno ndi ntchito yaikulu. Koma banja lina la ku Rosettenville linayenda makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1 mpaka ku Cape Town, n'kufika pachipata cha Cape Point mapasipoti onse ali m'sutikesi pansi pa bedi ku Joni. Mayi wa m'banjamo anakhuthula chikwama chonse pamiyendo, n'kupezamo malisiti ndi khadi ya kuchipatala basi, ndipo ndalama imene anakonzera chakudya cha masana inathera pazenera la matikiti. Kathumba ka pulasitiki kotseka bwino ndi kotchipa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale ndipo analandira chitupa cha South Africa atenge chitupacho, popeza iwo amalipira ngati eni dziko.

Nanga ana amalipira bwanji?

Ana a zaka 2 mpaka 11 amalipira mtengo wotsika, ndipo mwana akakwanitsa zaka 12 amawerengedwa ngati wamkulu. Tenganinso khadi ya kubanki, chifukwa zipata zina zinaleka kulandira ndalama zapamanja.

Tinamva kuti mu Seputembala anthu amalowa ulere. Kodi ifenso tili momwemo?

Sabata yolowa ulere, imene inayamba mu 2006, ndi ya eni dziko amene ali ndi chitupa cha South Africa, choncho woyenda ndi pasipoti ya Malawi amalipira monga mwa masiku onse. Ngakhale kwa eni dzikowo, gombe la Boulders silikhala m'gulu la malo aulere, ndipo malo ogona amalipiridwabe.

Kodi Wild Card ndi chiyani, ndipo ili ndi phindu kwa munthu wa ku Johannesburg?

Wild Card ndi umembala wa chaka chathunthu, kuwerengera kuchokera tsiku logula, umene umalola munthu kulowa m'mapaki popanda kulipiranso pachipata. Ilipo ya munthu mmodzi, ya anthu awiri ndi ya banja, ndipo mtundu wake waukulu umaphatikizanso malo a bungwe la CapeNature, losamalira zachilengedwe m'chigawo cha Western Cape. Simalipirira malo ogona, maboti kapena zochitika zapadera. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu amene akupita kunyanja kamodzi pachaka n'kulowa zipata ziwiri zokha, khadiyi ilibe phindu, ndipo ndi bwino kungolipira pachipata. Imayamba kubweza ndalama ngati banja likugona masiku angapo mkati mwa paki, popeza malipiro ndi a tsiku ndi tsiku, kapena ngati m'chaka chomwecho mukufunanso kukafika ku Kruger kapena ku Golden Gate, komwe ndi kufupi ndi kuno. Musanagule, werengani anthu, masiku ndi zipata, kenaka muyerekeze.

Ndi malo ati amene amafuna malipiro, nanga aulere ndi ati?

Paki ya Table Mountain, imene inakhazikitsidwa mu 1998, mbali yake yaikulu ilibe mpanda, ndipo kukwera phirilo wapansi kudzera ku Platteklip Gorge sikulipiritsidwa. Chikweza choyenda pa chingwe chopita pamwamba pa phiri, chimene chinayamba mu 1929, chili ndi kampani yakeyake ndi matikiti akeake, ndipo Wild Card siigwira ntchito pamenepo. Malipiro ali m'malo ena monga ku Cape of Good Hope (kumene kuli Cape Point) ndi ku Boulders pafupi ndi Simon's Town, kumene mbalame za penguin zinayamba kuswana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mbalamezi zimayenda mopepeluka pamchenga n'kumalira ngati bulu, ndipo mu 2024 zinaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, n'chifukwa chake alendo amayenda pa timilatho ta matabwa ndipo saloledwa kuzigwira.

Kum'mawa kuli paki ya Garden Route, imene mu 2009 inaphatikiza Wilderness, Knysna ndi Tsitsikamma. Ku Storms River Mouth kuli mlatho wolendewera wotalika mamita 77, umene umagwedezeka pang'ono munthu akamadutsa, madzi akuda a mumtsinje akukumana ndi mafunde pansi pa mapazi ake. Ambiri amaganiza kuti Cape Point ndiye mapeto a Africa, koma nsonga yakumwera kwenikweni ndi Cape Agulhas, kumene nyanja za Atlantic ndi Indian zimagawanirana malire.

Kodi ndingawedze nsomba kapena kutola nkhono za m'nyanja?

Pamenepa ndi pamene ife obadwira ku Nkhotakota, Mangochi ndi Nkhata Bay timalakwitsa mosadziwa, chifukwa kwathu mwana amaponya mbedza pagombe popanda womufunsa. Kuno lamulo la zamoyo za m'nyanja la 1998 limafuna kuti aliyense wowedza mongosangalala akhale ndi chilolezo, ndipo pali malire a kukula ndi kuchuluka kwa nsomba zimene munthu angatenge. Nsomba zogwidwa ndi chilolezo chotere n'zosaloledwa kugulitsa. Ku Tsitsikamma, kumene nyanja yakhala yotetezedwa kuyambira mu 1964, mlendo saloledwa kuwedza ngakhale atakhala ndi chilolezocho m'thumba. Kuyendetsa galimoto pamchenga wa pagombe kunaletsedwanso kuyambira mu 2001.

Kodi pali malamulo ena amene angatibweretsere chindapusa kapena ngozi?

Kudyetsa anyani n'koletsedwa, ndipo a ku Cape Point sali ngati a kumudzi amene amathawa mwala, popeza amatsegula zitseko za galimoto ndi kulanda chakudya m'manja mwa mwana. Mowa ndi woletsedwa m'magombe a mzinda wa Cape Town, ndipo pa nyengo ya zikondwerero apolisi amafufuza m'zikwama ndi m'makulabokosi n'kuulanda.

Pa nkhani yosambira, amene anakulira ku Senga Bay asadzidalire kwambiri. Madzi a mbali ya Atlantic ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe, ndipo m'magombe ambiri muli mikokomo ya madzi obwerera imene imakokera munthu kutali ndi gombe mofulumira kuposa mafunde a mwera. Sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa anthu. Madzi akayamba kukukokani musalimbane nawo, koma yandamani, kwezani dzanja, ndipo musambire cham'mbali motsata gombe mpaka mutatuluka mumkokomowo. M'magombe ambiri bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI linapachika zoyandamitsa za mtundu wa pinki pamitengo, ndipo mukangofika muonetse ana pamene zili musanayale nsalu pamchenga.